Nsomba zimathawira kuti madzi akasintha? Zolemba zanga za mu Lingadzi ndi ku Malingunde

Juni, sabata yachiwiri

Tayamba basi. Ma logger anayi aja afika, tinthu tating'ono ngati kabotolo ka mankhwala a m'maso, timalemba tokha kutentha kwa madzi pa mphindi 30 zilizonse ndiye iwe umangobwera ndi foni kudzakopera. Ndabwerekanso thermometer yagalasi ya ku labu kusukulu kuti ndiziyezera pamanja. Funso langa ndi limodzi ndipo lakhala likundisowetsa mtendere chiyambire chaka chatha pomwe mtsikana wina wa Fomu 3 anaimika dzanja n'kuti aphunzitsi, mwati nsomba iliyonse ili ndi madzi ake omwe imakonda, nanga mtsinje wa Lilongwe ndi wotentha bwanji? Ndinamupatsa nambala imodzi. Ndili m'minibasi kubwerera ndinaona kuti sindinamuyankhe zoona mwanayo, mtsinje ulibe nambala imodzi.

Taganizani, Lilongwe amayambira ku Dzalanyama, kumapiri opitirira mamita 1,500, n'kudutsa ku Malingunde komwe kuli madamu awiri a Kamuzu aja (loyamba la 1966, lachiwiri la 1989), kenako mtauni muno pa mamita cha m'ma 1,050, n'kutsetserekera ku Salima kokathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja yomwe ili pa mamita osafika 500. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ukakwera mamita 1,000, nde madzi a ku Dzalanyama ndi a ku Salima sangafanane ngakhale dzina la mtsinje ndi lomwelo. Izo n'zosavuta, aliyense akhoza kuziona pa mapu. Ine ndikufuna kutsika pa mapupo, ndiyeze kachigawo ka mamita 200, kenako dziwe limodzi, kenako pansi pa muzu umodzi, tione ngati nkhaniyo ikhalebe yomweyo.

Logger yoyamba yalowa mu mtsinje wa Lingadzi mtauni muno, pamalo a mitengo yothithikana cha kufupi ndi Nature Sanctuary. Yachiwiri mu Lingadzi momwemo koma kumtunda komwe kuli madimba okhaokha ndi oumba njerwa, mtengo wa mthunzi palibe ndi umodzi womwe. Ziwiri zotsalazo zapita kwawo kwa mlamu wanga cha ku Malingunde, mukamtsinje kakang'ono kochokera m'dambo kamene kamakathira mu Lilongwe. Dzina lake ndi malo enieni sindilemba, kuopa a maneti a udzudzu.

Tisanaike tinaviika onse mu ndowa ya madzi odzaza ndi ayezi kuti tione ngati akuwerenga pafupi ndi 0, ndipo onse anavomerezana. Iliyonse tailowetsa mu kapaipi koyera ka pulasitiki kobooledwa mbali zonse, madzi azidutsa koma dzuwa lisaiwombe, n'kumangirira ku njerwa ndi waya.

Juni kumapeto

Kuzizira kwafika penipeni. Loweruka tinanyamuka 5 koloko pa njinga yamoto ya mlamu, pofika ku Malingunde zala zosamveka n'komwe. Kumeneko kuli agogo ena amene akhala akuwedza mukamtsinjeka kuyambira ali mnyamata, mlamu ndi amene anandilumikiza nawo. Atandipeza ndikuviika thermometer pakati pa dziwe anangoima n'kumandiyang'ana, afunda bulangete mpaka kumutu.

"Aphunzitsi, mukuyeza pomwe palibe nsomba."

"Nanga zili pati agogo?"

"Tabwerani kuno."

Ananditengera kumunsi pang'ono pomwe pali mkuyu waukulu, mizu yake yalowa m'madzi ndipo gombe lakumbika pansi pake ngati kakhonde. Pamenepo nthunzi imakwera pamwamba pa madzi, pang'ono chabe, yoti ukapanda kuuzidwa sungaione. Akuti pisani dzanja pansi pa muzuwo. Ndinapisa. Madzi ofunda! Osati otentha ayi, koma ofunda ndithu poyerekeza ndi pomwe panali miyendo yanga. Thermometer inavomereza, kusiyana kwa madigiri anayi pa mtunda wosakwana mamita atatu. Ndipo timatemba tinali titadzazana pamenepo limodzi ndi tiana ta makumba, tonse mitu kuloza kugombe, tangoti duu, michira yokha ndi imene imagwedera.

Ndi kasupe, madzi a pansi pa nthaka akutulukira m'gombemo. Madzi a pansi sasintha kwenikweni ndi nyengo, amakhala pafupi ndi avereji ya kutentha kwa chaka chonse kwa deralo, kwa ife kuno ndi madigiri cha m'ma 20. N'chifukwa chake madzi a pa mjigo amamveka ofunda m'mawa wa Juni koma ozizira masana a Okutobala, amayi athu onse amazidziwa izi, madziwo ndi omwewo chasintha ndi kunjaku. Nsomba ilibe moto m'thupi ngati ife, thupi lake limangotenga kutentha kwa madzi omwe ilimo, ndiye ikafuna kufunda palibe china koma kusamuka.

Logger yachinayi ndaizula pomwe ndinaiika poyamba, tsopano ili pansi pa muzu wa mkuyu.

Julaye 20

Ndakopera za mu Lingadzi zonse ziwiri ndipo usiku wathawu ndagona mochedwa ndikuyang'ana ma graph pa kompyuta. Chandigwira mtima ndi ichi: ukatenga avereji ya tsiku lonse, malo a mitengo ndi malo a madimba akusiyana pang'ono zedi, osakwana digiri imodzi. Munthu wongolemba lipoti akanati palibe kusiyana, mitengo ilibe ntchito. Koma mizere iwiriyo kuiyang'ana ndi maso, wa kumadimba ukukwera ndi kutsika ngati mano a sowo, m'bandakucha pansi kwambiri, cha m'ma 3 koloko masana pamwamba, pomwe wa kumitengo ukungoyenda mwaulemu. Mitengo imatchinga dzuwa masana, usiku n'kukhalanso ngati denga loletsa kutentha kuthawira kumwamba. Nsomba sikhala mu avereji, imakhala mu 5 koloko m'mawa ndi mu 3 koloko masana.

Ndakumbukiranso alimi a nsomba za m'madamu momwe amadandaulira miyezi ino kuti makumba sakudya, gaga akungoyandama. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20 nsomba za mtundu wa chambo zimayamba ulesi pa kudya ndipo kukula kumachepa. Za mumtsinje zili ndi mwayi umodzi womwe za m'damu lokumba zilibe, zikhoza kusaka pofunda.

Ogasiti pakati

Logger ya kumadimba yasowa. Tafika tapeza malo onse atembenuzidwa, anyamata okumba mchenga afika pamenepo, lole yaima m'mphepete, njerwa yanga ili apo waya atadulidwa. Ndawafunsa mwaulemu, akuti sitinaone kanthu bwana. Zandipweteka, osati chifukwa cha ndalama yokha koma masabata atatu a data apita, ndipo ndi masabata omwe kunja kumayamba kufunda. Sindinakangane nawo. Mchenga umenewo ukukamanga nyumba zomwe tonsefe tikuchita lendi, ndipo anyamatawo usiku akufunika kudya.

Koma ndinakhala kanthawi pagombe kuyang'ana zomwe zachitika ndi mtsinjewo. Pomwe panali ngalande imodzi yofika m'mawondo tsopano madzi amwazikana, otambalala koma osafika ndi m'kakolo momwe, ndi maenje apa ndi apo osalumikizana. Madzi osaya otambalala ali ngati omwe mayi waika m'beseni padzuwa kuti asambitse mwana, sachedwa kufunda. Ndatsala ndi ma logger atatu, ndiye pamalo amenewa ndiziyeza pamanja Lachitatu lililonse ndikaweruka, nthawi yomweyomweyo kuti ziziyerekezeka.

Seputembala, sabata yachitatu

Mwezi uno ndi wowerenga nsomba. Kuyeza madzi kokha sikukwanira ngati sitikudziwa kuti ndani akukhala pati. Agogo andibwereka miono yawo itatu, timatchera madzulo m'malo atatu osiyana, pa dziwe la mkuyu, pothamanga madzi pamiyala, ndi pa dziwe lina la poyera lomwe ng'ombe zimamwera, m'mawa n'kukavuula, kuwerenga mu ndowa, kujambula ndi foni, kubwezera m'madzi. Kubwezerako ndiye kunavuta tsiku loyamba.

"Aphunzitsi, ndiwo zimenezi mukutaya?"

"Sitikutaya agogo, tikufuna tidzazipezenso mwezi wamawa."

Anapukusa mutu koma anavomera, tinagwirizana kuti milamba ikuluikulu ndi yawo.

Zomwe zikutuluka: pa dziwe la ng'ombe ndi milamba ndi makumba, pamiyala ndi tinsomba tating'ono tandevu tomamatira pansi pa mwala ndi nkhanu zambiri, pa mkuyu ndi matemba ochuluka ndi china chilichonse pang'onopang'ono, ndi chilunguni chomwe. Madzi akuchepa tsiku ndi tsiku, pamiyala paja posachedwa pauma ndipo kamtsinje kasanduka maiwe osiyana. Zikatero nsomba iliyonse imatsekeredwa pomwe yapezeka mpaka mvula.

Okutobala 25

Lero ndalemba zambiri chifukwa ndi tsiku lomwe ndakhala ndikudikira chiyambire Juni.

Tinagona komweko kuti tione madzi m'bandakucha. Cha m'ma 5 koloko tili pa dziwe la ng'ombe, madzi obiriwira ndi ndere, ndipo pamwamba ponse timilomo ta makumba tikutsegula ndi kutseka, mazana, ngati mvula yowaza ikugwera pamadzi. Zikusaka mpweya. Zinthu zitatu zakumana pamenepa. Choyamba madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa, lita imodzi ya madzi a madigiri 15 imatha kusunga mamiligalamu pafupifupi 10, a madigiri 20 ndi 9, a madigiri 30 ndi 7 ndi theka, ndipo manambala amenewa ndi a madzi opanda mchere pa malo otsika mofanana ndi nyanja yamchere, kuno kumtunda kwathu muchotseponso pafupifupi 12 pa 100 alionse chifukwa mpweya ndi wopepuka. Chachiwiri thupi la nsomba likafunda limathamanga, madzi akakwera ndi madigiri 10 imafuna mpweya pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndiye ikufuna wambiri pa nthawi yomwe ulipo wochepa. Chachitatu ndi ndere ndi ndowe zowola, ndere imapanga okosijeni masana koma usiku wonse imamwa nawo womwewo, pofika m'bandakucha m'dziwe mwatsala pang'ono.

Mlamba yekha alibe nazo ntchito. Ali ndi chiwalo m'mutu, pamwamba pa makha, chomwe amapumira nacho mpweya wa kunja, amangobwera pamwamba n'kumeza n'kubwerera m'matope. N'chifukwa chake mumitsinje yoipa ya mtauni mlamba ndi amene amatsala, ndipo munthu akakuuzani kuti mtsinje wakuti uli bwino poti anthu akuphamo milamba, musafulumire kuvomera.

Masana 2 koloko tinapita pa dziwe la mkuyu. Ndinamangirira thermometer kunsonga ya nsungwi, mlamu atakoka chingwe kuchokera gombe lino kufika linalo chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, ndipo pa mfundo iliyonse ndimayeza kawiri, pamwamba ndi pansi, kudikira mphindi yathunthu kuti iwerenge bwino, mlamu akulemba mu kope. Dziwe ndi laling'ono, mamita 12 m'litali mwina 5 m'lifupi, koma zinatitengera maola awiri dzuwa likuswa mtengo. Mbali ya poyera yosaya madzi anali ngati tiyi wozizira pang'ono, anapitirira 30. Pakati, pansi penipeni, anatsikako. Ndiye nsungwi italowa pansi pa muzu uja, mzere wofiira unayamba kutsika ndikuuona ndi maso, mpaka 22. Malo omwe aja anali ofunda mu Juni lero ndi ozizira kuposa pena paliponse. Kasupe sanasinthe, chasintha ndi dziwe lomuzungulira.

Ndinagona chafufumimba pagombe kusuzumira. Kachigawo kozizirako kukula kwake ngati mphasa imodzi basi, ndipo nsomba zadzazana momwemo, matemba pamwamba, makumba pansi pake, zina kukankhana kulimbirana pafupi ndi gombe pomwe madzi akutulukira. Kunja kwa mphasayo madzi mbee, kulibe kanthu kupatula timbululu. Dziwe lonse lija la mamita 12, pa ola limenelo nyumba ya nsomba inali mphasa imodzi. Ndikanaika logger yanga pakati pa dziwe monga ndinayambira, bwenzi ndikulemba kuti muno nsomba zikuvutika kwambiri ndipo sindikumvetsa kuti zikupulumuka bwanji. Munthu woyeza pa mlatho kamodzi pamwezi 10 koloko m'mawa, zimenezi sangazione.

Koma apa ndi pomwe nkhani yanditembenukira. Ndinayamba kuganiza kuti basi yankho lili pa tinthu tating'ono, mapu aakulu aja alibe ntchito. Agogo ndi amene anandibweza. Akuti kale akasupe otere analipo asanu kuchokera pano kufika pa mlatho wa mitengo, watsala mmodzi yekhayu.

"Enawo anapita kuti agogo?"

"Pitani kudambo mukaone nokha."

Tinayenda wapansi, mphindi 40 kukwera. Dambo ndi lomwe limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse, lili ngati siponji. Tapeza theka lake lakumbidwa ngalande kuti madzi achoke alimemo tomato ndi kabichi, m'mbali mwake mizere ya bulugama, kumtunda kwake mitengo yachilengedwe inatha kale ndi makala. Ndiye mphasa ija ya madzi ozizira, yomwe ndimaiyeza ndi nsungwi, moyo wake uli makilomita awiri kumtunda, m'manja mwa anthu omwe mwina sanafikepo pa mkuyuwo. Ndipo ndi chimodzimodzi mtsinje waukulu, Dzalanyama ikamatha ndi makala si a Water Board okha amene ayenera kuda nkhawa, madzi a chilimwe akachepa amatenthanso msanga mtsinje wonse.

Pobwerera ndimaganiza za nsomba ya madzi ozizira yotchedwa rainbow trout. Nsomba imeneyi kwawo ndi kumadzulo kwa North America, azungu anaibweretsa nthawi ya atsamunda, ndipo m'Malawi muno inakhazikika pamwamba pa mapiri pokha ngati Zomba ndi Nyika, chifukwa madzi akafika cha m'ma 25 imafa, pomwe mlamba ndi makumba apo m'pamene ayamba kusangalala. Imeneyo ndi nkhani ya pa mapu aakulu, phiri ndi chigwa. Mpasa nawo ndi nkhani ya mtunda wautali, umakulira m'nyanja koma umakwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pa timiyala toyera m'madzi oyenda, ndiye matope ochokera m'minda ya kuno kumtunda akakwirira timiyalato, msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Salima ndi amene amaona mpasa ukusowa. Mapu aakulu amakuuza mitundu yomwe ingakhale m'dera, mthunzi ndi kuya kwa kachigawo ka mtsinje zimakuuza yomwe ilipodi, koma yopulumuka Okutobala imasankhidwa ndi kasupe wa pansi pa muzu. Mtsikana uja wa Fomu 3 tsopano ali Fomu 4, Lolemba ndikamuonetsa kope la mlamu.

Novembala 8

Logger ya kumitengo mu Lingadzi ikupitirizabe kuyenda mwaulemu, masana otentha kwambiri inatsalira kumbuyo ndi madigiri atatu poyerekeza ndi zomwe ndimapeza pamanja kumadimba Lachitatu. Batire ili bwino. Ndajambula mapu a dziwe la mkuyu pa pepala lalikulu, mita iliyonse ndi mtundu wake wa choko, kuti ndikapachike m'kalasi.

Mlamu anakamba ndi a mfumu za dambo, akuti tibwere pa msonkhano wa mudzi tidzafotokoze. Sindikufuna kukaima pamenepo ngati wa mtauni wodzaletsa anthu tomato wawo, madimbawo ndi omwe akulipira fizi ya ana. Chomwe ndikapemphe ndi chaching'ono, kuti mkuyu uja ndi mikatope ya m'gombe isadulidwe, bango lisaotchedwe mpaka m'madzi, ndi kuti pakati pa dambo pomwe pamakhala chinyontho chaka chonse pasakumbidwe ngalande ina. Agogo akuti ayankhula ndi iwo, ine ndingonyamula mapu.

Novembala kumapeto

Mvula yoyamba yeniyeni yagwa Lachiwiri usiku. Mlamu waimba m'mawa kuti kamtsinje kalumikizana, madzi ofiira, ndipo matemba ayamba kale kukwera kulowera kudambo, ana ali m'mbali ndi zitenje ndi maneti. Milamba nayo ikwera usiku kukaswera mu udzu womira. Miyezi isanu yonseyi ndakhala ndikuyang'ana nsomba zitapanikizika m'maiwe, tsopano mtsinje wonse watseguka ndipo dziwe la mkuyu langokhala podutsa, mafunso a nyengo ino ndi ena, akufuna ma logger ambiri kuposa omwe ndili nawo komanso njira yomangirira yoti madzi osefukira asakokolole.

Ziwiri za ku Malingunde mlamu wazula kale, ya pansi pa muzu anachita kuikumba m'matope mpaka m'chigongono koma ikuwerengabe. Yatsala ya mu Lingadzi. Loweruka tinyamuka 5 koloko madzi asanakwere, ndipo ndisaiwale pulayala yodulira waya.